Thirakitala Yopanda Moto

Noreen Weigel anakalambira pa ntchito yaupolisi m'boma lawo la minda ya tirigu ku North Dakota, moti sankadabwanso ndi zimene anthu amaba. Anafufuzapo za ng'ombe, za mafuta a dizilo, ngakhale za belu la tchalitchi chimene chinatsekedwa. Koma Lamulungu limenelo masana, ataima m'shedi ya a Alois Bitz n'kuyang'ana malo opanda kanthu pamene panali thirakitala, anachita kufunsa kachiwiri.

"Mukuti sikanatheka kulira?"

"Ndikuti inalibe magineto," anayankha a Bitz. Anali adakali m'suti ya ku Misa, tayi atamasula. "Kabokosi kopereka moto ku mapulagi. Popanda iko injini ija ndi mwala basi. Ukhoza kupukusa handulo mpaka phewa kuguluka, singatsokomole n'komwe."

A Bitz anapuma ntchito ku migodi ya malasha kumadzulo, n'kubwera kudzakhala pa famu ya makolo a akazi awo. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali thirakitala yofiira ija. Anailumikiza pang'onopang'ono ngati wosoka zigamba. Injini anaipeza m'khola la munthu wina nkhuku zikuikirapo mazira, matayala anagula pa okushoni, chiwongolero anachizula m'tchire mtengo utamera pakati pake. Loweruka lotsatira kunali chionetsero cha makina akale, ndipo anali atagonja kale kuti adzaikweza pangolo, anthu akangoiona ndi maso.

Noreen ananjuta pakhomo la shedi. Chinthu chokokedwa chimangotsetsereka, koma apa matayala akumbuyo anakumba dothi n'kuliponya m'kati. Panalibe zizindikiro za ngolo kapena za galimoto ina. Anayang'ana kudenga. Pamtanda, pamwamba penipeni pa malo a paipi ya utsi, panali banga lakuda la mwaye. Analikhudza ndi ndodo ya tsache, mwayewo unayoyoka.

"Yatuluka muno ikuyenda yokha, bambo Bitz. Wakubayo anabwera ndi magineto ake."

"Anawatenga kuti? Amtundu umenewo anasiya kupangidwa ine ndisanamere ndevu. Ndasaka chilimwe chonse, ndaimba mafoni mpaka ku Canada."

"Ndani wabwera kudzaiona sabata ino?"

Mkuluyo anakanda m'mutu. Anati Duane Sperle, wogulitsa zitsulo zakutha, anabwera Lachitatu. Ndiye anawagulitsa thupi lakumbuyo la thirakitalayo, ndipo ataiona itapakidwa penti anayamba kudandaula kuti anadzibera yekha. Marlys Leier amatembenuzira basi ya sukulu pabwalo lawo tsiku lililonse, ndipo Lachinayi a Bitz anamukokera m'shedi kuti aone.

"Anati chiyani?"

"Palibe. Anangoima n'kumapita. Akazi zimenezi siziwakhudza."

"Winanso?"

"A Kasper Leier, Lachisanu. Sanapondepo pano chibwerere ine, koma anangofika ndi ndodo zawo ziwiri zija. Anaizungulira, amvekere, 'Imalira?' Ndikuti ayi. Akuti, 'Tchulani mtengo.' Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke."

Anatuluka onse kukatsata matayala. Matayalawo anadutsa kuseri kwa shedi, n'kukalowa mumsewu wa miyala mmene sankaonekanso. Kuseriko a Bitz anaima mwadzidzidzi, akuloza udzu wachikasu wopondedwa ndi chinthu cholemera.

"Pulawo," anatero. "Pulawo yanga yakale inali apa. Atenganso pulawo."

Noreen anayang'ana udzuwo nthawi yaitali. Munthu wofuna kubisa thirakitala sataya nthawi n'kumangirira pulawo kumbuyo kwake.

*

Mayi Verna Bitz, akazi a Alois, anathira khofi asanafunsidwe, n'kudula kuchen, keke ya mapulamu imene anaphika dzulo lake. Anabadwira m'nyumba momwemo, ndipo panalibe banja m'deralo limene sankadziwa agogo ake.

"Ngati ukufuna wommanga, yamba ndi ine, mwana wa Weigel," anatero. "Mkazi mnzanga wachitsulo ameneyu wandilanda mwamuna, wandidyera mafuta, wandidetsera mataulo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamponya m'chitsime kalekale."

"Munali ku Misa?"

"Benchi lachitatu, pambali pa wodandaulayu. Funsa bambo mfumu."

"Ndani sanabwere?"

Maso a mayiwo anawala. Funso limeneli linali lawo. Anati Duane Sperle amalowa m'tchalitchi pamaliro pokha, ndipo ngakhale pamenepo amaima kukhomo. Marlys anasiya kalekale, palibe amamuwerengeranso. Koma chimene chinawadabwitsa ndi benchi la a Leier.

"Kasper ndi mkazi wake Tillie sajomba. Chipale chofewa chikatseka msewu amabwera wapansi. Kasper atangotuluka m'chipatala ndi chiuno chatsopano anabwera pampando wamatayala. Lero zii, onse awiri."

"Muli ndi chithunzi chake?" Noreen anafunsa a Bitz.

Anali nazo zambiri m'foni. Anamuonetsa kutsogolo, m'mbali, injini, kenako kumbuyo. Mayi Verna, amene anali asanapondepo m'shedi muja chiyambire ntchitoyo, anasuzumira pamwamba pa phewa la amuna awo ali ndi ketulo m'manja.

"Bwezera icho," anatero.

Chinali chithunzi cha kumanzere. Pansi pa mpando panali chopondera cha masitepe awiri, chowotcherera ndi manja, chachitsulo chochindikala.

"Si cha kufakitale," anatero a Bitz. "Wina anachita kuwonjezera. Ndinachisiya chifukwa anawotcherera mwaluso."

Mayi Verna anaika ketulo patebulo pang'onopang'ono, osayang'ana kuti ikupsereza nsalu.

"Alois, chitsulo chimenechi unachitenga kuti?"

"Kwa Duane, ndanena kale."

"Chopondera icho ndi cha Emil Leier."

Noreen anatsitsa kapu yake. Dzinalo anali asanalimve kwa zaka zambiri, koma nkhani yake ankaidziwa ngati pemphero. Emil anali mkulu wake wa Kasper, mwamuna woyamba wa Tillie, bambo ake a Marlys. Mwendo wake wamanzere unali waufupi chifukwa cha matenda a paubwana, n'chifukwa chake anadziwotcherera masitepe. Tsiku lina m'nyengo yofesa anasowa, iye ndi thirakitala yake yomwe. Kasper ndiye anauza apolisi a nthawi imeneyo kuti anamuona akulowera kumsewu waukulu atanyamula chikwama. Anthu anamaliza okha nkhaniyo: wagulitsa thirakitala kwa amalonda, wakwera basi, wathawa ngongole za mbewu ndi mkazi. Patapita zaka zingapo Tillie anakwatiwa ndi mlamu wakeyo.

Noreen ankakhala desiki limodzi ndi Marlys m'kalasi chaka chimenecho. Ankakumbukira anyamata akulira ngati thirakitala, pu-pu-pu, Marlys akamadutsa.

"Anali munthu wotani?" anafunsa.

Mayi Verna anapukuta manja paepuloni ngakhale anali ouma.

"Pagulu anali wansangala. Mwana wake ankamukonda, ankamukweza pathirakitala paliponse. Koma Tillie ankavala malaya a manja aatali ngakhale pa nthawi yokolola. Zimenezo sitinkafunsa masiku amenewo."

*

Bwalo la Duane Sperle linali kunja kwa tauni, kuseri kwa nkhokwe za tirigu. Makina akufa anandanda mpaka kumpanda, udzu utamera m'matayala. Noreen anamupeza atakhala pampando wa galimoto wochotsedwa, akutafuna nthanga za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'chitini. Sanadzuke.

"Lamulungu sindigulitsa, bwana."

"Sindikugula. Unali kuti m'mawa uno?"

"Pompano. Mboni yanga ndi galuyu, koma salankhula ndi apolisi."

"Thirakitala ya a Bitz yabedwa. Lachitatu unkati unadzibera wekha."

Duane analavula khoko, naseka ndi mphuno.

"Ndinkangowakometsa mtima achikulirewo. Tayang'anani mmene muliri muno. Ndikabe chitsulo ine? Ndili ngati wogulitsa madzi amene akumira."

"Uli ndi magineto a mtundu umenewo?"

"Ndikanakhala nawo ndikanawagulitsa kwa iwo omwewo, n'kupita kukawedza sabata yathunthu."

Noreen anayenda pang'ono pakati pa zitsulozo, akuyang'ana pansi. Fumbi la pachipata linali ndi matayala a galimoto yake yokha ndi a pikapu ya Duane. Anabwerera.

"Thupi lakumbuyo lija linachokera kuti?"

Apa Duane anasiya kutafuna.

"Pali vuto ndi limenelo?"

"Ndakufunsa."

"Anyamata a kampani imene imabwereka minda ya a Kasper. Chilalachi chitaumitsa dziwe lija la kuseri kwa nyumba yawo, anaona chiwongolero chitatulukira m'matope. Anachikoka ndi unyolo n'kubwera nacho pamodzi ndi waya wakale. A Kasper nthawi imeneyo anali m'chipatala. Ine ndinagula ngati zitsulo wamba, sindifunsa mbiri ya chitsulo."

"Injini yake inalipo?"

"Inalipo, koma yodzaza matope, yothekeratu. Ndinaitumiza kosungunula. Kumbuyo kokha ndiko kunapulumuka, chifukwa kunali kodzaza oilo."

"Magineto?"

Duane anayang'ana galu wake, kenako anayang'ana Noreen.

"Apo ndiye pali kankhani. Panalibe. Ndipo sanathyoke kapena kuwola. Wina anachita kumasula ndi sipanala, atatha n'kubwezera manati pamabawuti ake, onse, kumanga bwinobwino. Wakuba sabwezera manati, bwana. Amene amachita zimenezo ndi mlimi, wa mtundu uja sataya ngakhale msomali wopindika."

Noreen anayamba kulumikiza zinthu m'mutu. Thirakitala yopanda magineto siyenda yokha. Ndiye kuti sinagwere m'dziwemo mwangozi, Emil ali pampando. Wina anaichotsa kaye chinthu chimene anachimvera chisoni, kenako n'kuikankhira m'madzi.

"Mwachedwa ndi mafunso amenewa," anatero Duane. "Ndinu wachiwiri."

"Woyamba ndi a Kasper?"

"Ayi. Marlys. Anabwera dzulo, nkhope ngati wadwala. Anafunsa chimodzimodzi inu, dziwe liti, mbali iti. Nditanena za manati anagwira mpanda uwo. Akuti, 'Pamwamba pa kabati.' Ndikuti kabati yanji? Sanandiyankhe. Anagula mawaya a mapulagi n'kumapita, chenji osatenga."

Noreen anali atayamba kale kuyenda. M'galimoto anaimbira Marlys. Foni inaitana mpaka kudula yokha. Anaimbira kunyumba kwa a Leier, nayonso inangoitana.

*

Anaimva asanaione. Atakhota kulowa njira ya ku famu ya a Leier anatsitsa galasi, ndipo mphepo inabwera ndi kulira kwa injini yakale, kodukaduka ngati mtima wa nkhalamba. Sikunkachokera pabwalo. Kunkachokera kumunsi, kuseri kwa mitengo yotchinga mphepo.

Anadutsa nyumba osaima, n'kutsika ndi kanjira ka m'ziputu za tirigu mpaka pamene nthaka inayamba kufewa. Dziwe lonse linali litauma. Pansi pake panali potuwa, pong'aluka ngati mapazi a munthu woyenda opanda nsapato, bango louma litazungulira m'mphepete. Kutsidya kunali misondodzi ingapo. Pakati penipeni, thirakitala yofiira ya a Bitz inkayenda pang'onopang'ono, pulawo ikutembenuza matope akuda. Mizere yolimidwa inali yambiri kale.

Marlys anamuona koma anamaliza kaye mzere wake. Anaimitsa thirakitala, injini osaizimitsa. Anali mzimayi wamapewa otakata, tsitsi lotuwa lometa lalifupi, nkhope yonse fumbi. Sanatsike.

"Ndimadziwa kuti akutuma iwe," anatero.

"Foni sukuyankha bwanji? Ndimayesa ndipeza wina atagona pansi."

"Sindinakhudze munthu. Ukawauze a Bitz kuti ndiwabwezera, mafuta ndithiramo. Injini anaimanga bwino, yalira nditangopukusa pang'ono."

"Zimitsa tilankhule."

"Ndikazimitsa ndilira, ndipo ndilibe nthawi."

Noreen anayandikira, nsapato zikumira. Pambali pa injini yonyezimira penti, kabokosi kakuda kakale kanali katamangidwa ndi mawaya atsopano.

"Maginetowa anali pamwamba pa kabati ya m'khitchini," anatero Marlys, ataona kumene akuyang'ana. "Pafupi ndi chitofu, pouma, atakulungidwa m'nsalu ya oilo. Ndakula ndikuwaona. Ndili wamng'ono ndinafunsa, bambo aang'ono anati ndi a makina opopera madzi, ndisamagwire. Chaka chilichonse ankawatsitsa, kuwapukuta, kuwabwezera. Lachinayi ndinaona masitepe aja kwa a Bitz. Noreen, ndinkakhala pa sitepe yapamwambayo ine, miyendo ili lendelende, bambo akulima. Ndinadziuza kuti mwina anaigulitsadi, yazungulira n'kubwerera. Kenako Duane anandiuza kumene inachokera."

"Unawatenga liti?"

"Dzulo madzulo, nditawapititsira mankhwala. Amayi anandiona ndikukwera pampando. Sananene kanthu, ndimayesa sanazindikire."

"Bwanji sunabwere kwa ine?"

"Ndikanakuuza chiyani? Kuti ndapeza kabokosi pakabati? Ndinafuna ndione kaye ngati akukwana. Ndinafuna asakwane." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndadutsa nayo pabwalo pawo akutuluka kupita ku Misa. Bambo aang'ono ataimva kulira anagwetsa ndodo. Sanandifunse n'komwe kuti ndikupita kuti. Ukumva? Sanafunse."

"Ngati pali kanthu pansi apa, pulawoyo iwononga. Pali anthu a ntchito imeneyi, amakumba ndi manja."

"Abwere liti? Mvula ikagwa dziwe lidzadza, ndiye tidikirenso chilala china? Moyo wanga wonse ndakhala ndikudana ndi munthu chifukwa anandisiya. Ndinkapita kusiteji ya basi ndikaweruka kusukulu, ukukumbukira? Unkandiperekeza."

"Ndikukumbukira."

"Bambo anali pano. Ndinkasewera pa ayezi wa dziwe lino chaka chilichonse."

Noreen anayang'ana mizere yakudayo. Munali mizu ya bango, zigoba za nkhono, botolo losweka. Panalibe china.

"Ndipatse nthawi pang'ono," anatero. "Ndikukalankhula nawo."

"Kalankhule. Ine sindiima."

Analowetsa giya, ndipo pulawo inamiranso m'dothi.

*

A Kasper Leier anali atakhala patebulo la m'khitchini, adakali m'jekete la ku tchalitchi, chipewa chili pabondo. Anali munthu wamtali wowonda, wa manja aakulu okhala ndi timabala. Ndodo zawo zinali zitatsamira khoma. Mayi Tillie anaima pasinki, atafulatira chitseko, akuyang'ana pawindo loyang'ana kudziwe. Anali atavala diresi la buluu la Lamulungu, epuloni pamwamba. Foni inali pakhoma pafupi nawo.

"Lowa, mwana wa Weigel," anatero a Kasper. "Wabwera kudzatenga wakuba wako? Ali kumunsiko. Mwanayu mutu wamusokonekera, musamuchite nkhanza."

Noreen anakhala moyang'anizana nawo. Pamwamba pa kabati, pakati pa zitini za fumbi, panali mpata.

"Lachisanu munapita kwa a Bitz."

"Kukaona makina. N'kulakwa?"

"Munafuna kuigula."

"Ndimakonda zakale."

"Munaizindikira?"

"Mathirakitala ofiira analipo pa famu iliyonse."

"Okhala ndi masitepe awiri kumanzere?"

A Kasper anatembenuza chipewa pabondo.

"Mkulu wanga anaigulitsa. Amene anagulayo akudziwa yekha zimene anachita nayo."

"Anaigula n'kubwera nayo kudzaitaya m'dziwe la kuseri kwa nyumba yanu?"

"Malo aja anthu ankatayamo zinthu. Sindinkalondera."

"Munamuona Emil akulowera kumsewu waukulu."

"Ndinanena kale zimenezo kwa anzako, iwe usanadziwe kumanga nsapato."

"Ali pathirakitala, ikulira?"

"Ikanayenda bwanji osalira?"

"Ndiye magineto ake anatsala bwanji pakabati panu?"

"Amenewo ndinagula pa okushoni."

"Ya ndani?"

"Ndaiwala. Ndakalamba."

"Munali ndi thirakitala ya mtundu umenewo inu?"

"Ayi."

"Munagula chinthu chimene simukanachigwiritsa ntchito, n'kumachipukuta chaka ndi chaka."

"Chinthu chabwino sichitayidwa," anatero a Kasper, ndipo atangotero anatseka pakamwa ngati aluma lilime.

M'khitchinimo munamveka injini yokha, ikukwera ikafika kumapeto kwa mzere, ikutsika ikatembenuka. Noreen anadikira. Anali ataphunzira kuti anthu a kuno saopa mafunso, amaopa chete. Anayang'ana manja a mkuluyo n'kuganiza za mnyamata wamphamvu amene anali kale, wosakwatira, wokhala nyumba yoyandikana ndi mkulu wake, akumva zonse zochitika kuseri kwa khoma.

"Bambo Leier, ndiitana anthu adzakumbe dziwe lonselo, kuyambira bango ili mpaka lakutsidya. Zitenga nthawi, ndipo Marlys adzaima pomwepo tsiku lililonse akuonerera. Mukhoza kumupeputsira."

"Kumbani. Simupeza kanthu."

"Mukulankhula ngati mukudziwa."

"Ndikulankhula ngati mwini malo. Ndipo tsopano ndikufuna loya."

Noreen anagwedeza mutu n'kuyamba kudzuka. Apo ndi pamene mayi Tillie analankhula, koyamba chilowere iye. Sanatembenuke. Mawu awo anali wamba, ngati akunena za mkate umene uli mu uvuni.

"Akulima polakwika."

"Tillie," anatero a Kasper.

"Wakhala padzuwa kuyambira m'mawa, sanadye, sanamwe madzi. Ndipo akulima polakwika. M'dziwe munalowa thirakitala yokha."

"Tillie, khala chete. Ndati tikufuna loya."

"Iwe ndiye ukumufuna." Anatembenuka. Maso awo anali ouma, nkhope yaying'ono yamakwinya. Anayang'ana Noreen molunjika. "Usavutike naye uyu, mwana wa Weigel. Anabwera zonse zitatha kale. Iye anangokumba, ndi kukankha thirakitala, ndi kunama. Wanama bwino moyo wake wonse chifukwa cha ine, watopa."

Noreen anakhalanso pansi. Tsiku lonse anali akuyang'ana munthu wolakwika.

"Mayi Leier, musanapitirize ndiyenera kukuuzani kuti chilichonse mungalankhule..."

"Ndikudziwa, ndimaonera wailesi yakanema. Uzinena tikuyenda." Anamasula epuloni, kuipinda kanayi, n'kuiika pambali pa sinki. "Zimene zinachitika m'khitchini muno tsiku limenelo ndimuuza mwana wanga poyamba. Iwe uzimvera pambali, ulembe zimene ukufuna."

A Kasper anayesa kudzuka, dzanja likufufuza ndodo, koma chiuno chinakana ndipo anagweranso pampando.

"Tillie, sadzakukhululukira."

"Sindikukapempha zimenezo."

Mayi Tillie anavula nsapato za ku tchalitchi pakhomo n'kuvala majombo a m'dimba. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndigwire. Potsetsereka apo miyendo yanga siidalirika."

Anatsika limodzi m'ziputu za tirigu, pang'onopang'ono, mphepo ikukupiza diresi la buluu. Dzanja la mayiwo linali lopepuka ngati la mwana. Noreen ananena mawu amene lamulo limafuna, ndipo iwo ankangoti eya, eya, maso ali kutsogolo.

Atafika m'mphepete mwa bango, Marlys anali akutembenuka kumapeto kwa mzere. Anawaona. Thirakitala inayenda pang'ono n'kuima. Kwa kanthawi anangokhala pampando, akuyang'ana amayi ake, kenako anayang'ana kunyumba ngati akudikira kuti patuluke munthu wina. Sipanatuluke munthu.

Anawerama n'kuzimitsa injini.

"Amayi, bwererani kunyumba," anatero. "Izi si zanu."

"Ndi zanga," anayankha mayi Tillie. Anasiya dzanja la Noreen, n'kuloza kutsidya, pamtunda pamene madzi sankafika ngakhale chaka cha mvula yambiri. "Bambo ako ali uko, pansi pa msondodzi wapakatiwo. Tsika, mwana wanga. Pulawo isiye, sali pakuya."